Tsiku Limene Waipa Idaima Apongozi Ali Pambali Panga

Pa zinthu zonse za pa lole imene ndinkayendetsa m'zaka za Chitaganya, chimene sindinkachiwerengera n'komwe chidali kamota ka waipa. Waipa ndi kamkono kaja kopukuta madzi pagalasi lakutsogolo. Kamota kake kadali kakang'ono, kosaposa sopo wamtanda mutamudula pakati, ndipo kadamangidwa m'kati, pamwamba pa galasi, moyang'anizana ndi chipumi cha dalaivala. Chilimwe chonse kankangokhala phee, kumadya fumbi. Ine mtima wanga unkakhala pa injini, matayala ndi masipuling'i, poti misewu ya ku Nsaru ndi Kabudula inkathyola zimenezo. Koma kamota ako ndi kamene kadandivula pagulu.

Lole idali ya bwana wanga, Msilamu wa sitolo pa Nsaru. Ndinkatuta fodya, mtedza ndi chimanga kupita nazo ku Lilongwe, n'kubwerako ndi mchere, palafini, nsalu ndi makasu. Umakaniko ndidauphunzirira pansi pa lole yomweyo, ndipo ndisaname, ndinkadzimva. Kababu koyesera moto ndinkayenda nako m'thumba la malaya, pamene aphunzitsi amakolekapo cholembera. Koma kumudzi kumene ndidakwatira, chakumadzulo kwa Nsaru, ulemerero wonsewo unkathera pamphambano. Kumeneko ndidali mkamwini basi, tambala wobwereka. Eni mudzi lole ankaiona ngati chinthu chondichotsa pakhomo n'kukandigoneka kumene iwo sakudziwa.

Anyamata a lero amapisa mbale imodzi ndi apongozi awo, kuseka nawo mpaka kuombana m'manja. Ife sitidaleredwe choncho. Nkhope ya apongozi anga aakazi sindinkaidziwa bwinobwino. Tikakumana panjira, iwo ankapatukira kutchire, ine kutchire linalo, aliyense n'kunjuta atafulatira mnzake, moni n'kumapatsa mitengo. Mawu onse ankadzera mwa mkazi wanga. Ngakhale nsalu imene ndidawagulira ku sitolo kwa bwana, yakuda ya mawanga oyera ngati a nkhanga, adakapereka ndi mkazi wanga, zikomo wake n'kubweranso ndi yemweyo. M'mudzi monse nsalu yotero idali imodzi yokha, ndipo ndikaiona patali ndinkayambiratu kufunafuna pothawira.

Mkazi wanga adali ndi pakati poyamba. Matenda adamuyamba dzuwa lija lowotcha likutha, mitambo ya mvula yoyamba itayamba kuunjikana. Amayi a m'mudzimo adalowa naye m'chikuta, kudada, kudacha, osachira. Masiku amenewo zikatero padalibe zofunsa zambiri. Mwana akakana kubwera, ndiye kuti mwamuna adayenda ndi mkazi wina wake ali ndi pakati, ndipo njira imatseguka pokhapokha iye ataulula n'kutchula dzina. Mkazi akafa mwamuna asanaulule, wapha ndi iyeyo.

Anamkungwi, mayi wamkulu amene ankatsogolera m'chikutamo, adandiitanitsa kuseri kwa nkhokwe.

"Bambo, mwana wa eni akuvutika. Tchulani."

"Palibe woti nditchule, mayi."

"Dalaivala? Lero wagona ku Lilongwe, mawa ku Mponela? Musatiyese ana, bambo inu. Tchulani, tonse pano tidakula."

Ndidalumbira pa mzimu wa amayi anga. Sindidali mngelo, mowa ndinkamwa ndipo pakamwa padali pakuthwa, koma za akazi ayi. Chifukwa chake sichidali chiyero. Ndidabadwa wamanyazi, moti mkazi akandiyang'ana kawiri ndinkapunthwa pamalo opanda chitsa. Anamkungwi adangotsonya n'kubwerera m'chikuta.

Ndidapita kwa atsibweni ake a mkazi wanga, mwini mbumba, kukapempha kuti tipite naye ku chipatala cha mishoni ku Namitete. Mwamwayi lole idagona pamudzi, poti ndinkayenera kukanyamula chimanga chakufupi komweko, ndipo wondithandiza adali atapita kwawo kumaliro. Atsibweni adayang'ana kumwamba, adayang'ana kuchikuta, n'kuvomera.

Tidayala ziguduli kumbuyo, tidakoka lona, tidamugoneka. Anamkungwi adakwera ndi amayi ena. Apongozi anga adali akulira mokuwa, komanso adali ndi chifuwa chosatha. Anamkungwi adati kulirako kukufooketsa wodwala, ndipo mvula ikawanyowetsa tikafika ndi odwala awiri.

"Akakhale kutsogolo," adatero.

Anthu adayang'anana. Wina adatsokomola. Koma padalibe nthawi yokhalira bwalo, choncho apongozi adakwera atafunda nsalu ija mutu wonse, n'kudzikanikiza kuchitseko, nkhope kuzenera. Ine ndidadzikanikiza kuchitseko changa. Pakati pathu pakadakwana thumba la chimanga.

Tisanapite kutali, kumwamba kudang'ambika. Mvula yoyamba ikagwera pa fumbi la chilimwe, galasi limasanduka phala. Ndidatembenuza swichi ya waipa. Kamkono kadakwera mwaulesi, kadatsika, kadakweranso n'kuima pakati pa galasi, ndipo ndidamva kafungo kopserera. Chogwirira chopukusira waipa pamanja chidathyoka kalekale, lole isanafike m'manja mwanga. Ndidatulutsa mutu pazenera kuti ndiziyenda choncho, koma mvula inkalasa m'maso, ndipo pokhota pena tayala lakumbuyo lidatsetserekera mungalande. Kumbuyo kudamveka kukuwa. Ndidaibwezera mumsewu ndi mwayi chabe, ndipo ndidaima.

Kutsogolo kwathu kudali mtsinje wa mlatho wamitengo, wopapatiza, woti matayala uwaike pa mitanda yake yeniyeni. Ukuyenda chakhungu sungawoloke. Ndipo mtsinje umenewo ndinkaudziwa khalidwe lake: mvula yotere ikagwa kumtunda suchedwa kukwera pamwamba pa mlatho, ukakwera ndiye mpaka mawa. Mkazi wanga sakadafika mawa.

Moto wa kamota kotere uli ndi njira imodzi yokha. Umachoka ku batire, kudzera pa fyuzi, kudzera pa swichi, kutsata waya mpaka kukamota, n'kubwerera kudzera m'chitsulo cha lole. Kakaima, umatsata njirayo monga umatsatira mapazi a mbuzi yotayika, kuyambira pakhola. Choyamba ndi fyuzi, kawaya koonda kamene kamapsa msanga kuti zina zisapse. Tsoka lake, kabokosi ka mafyuzi pa lole imeneyo kadali pansi chakumanzere, pomwe padali mapazi a apongozi.

Ndidakhala kaye chigwirire chiwongolero. Kuwalankhula sindikadatha. Ndidayang'ana chiwongolerocho n'kuchiuza kuti, "Miyendo ikadasunthira kuchitseko pang'ono, munthu akadaona mafyuzi."

Miyendo idasuntha. Ndidawerama, mutu wanga udapita pafupi ndi mawondo a apongozi, malo amene mkamwini wamoyo sadafikepo m'mudzi mwathu. Ndidatsinzina diso la mbali yawo, komabe ndidaona ming'alu ya kuzidendene kwawo, imene sidali yanga kuiona. Kunja kunkazizira koma ine thukuta lidali kamukamu.

Fyuzi idali itapsa. Ndinkasunga tiwaya toonda m'kachitini ka fodya, ndiye ndidakulungapo kena, ndidadzuka, ndidatembenuza swichi. Thwa! Idapsanso pomwepo. Fyuzi ikapsa kachiwiri, wolakwa sakhala iyo. Ndiye kuti penapake moto ukudumphira kuchitsulo usanagwire ntchito yake, chimene timati shoti. Madalaivala ena akatopa amaikapo msomali kuti zisapsenso. Ndidaonapo lole ya wochenjera wotero itatsala mafupa okhaokha pafupi ndi Mpingu, ndipo ine kumbuyo kudali mkazi wanga.

Pachitseko padamveka kugogoda. Anamkungwi adali atatsika, ataima m'matope, madzi ali chuchuchu.

"Mwaona, eti? Ngakhale galimoto yakana. Chitsulo sichinama, bambo. Tchulani tizipita."

"Ndi moto ukudumpha, mayi, ndiupeza pompano."

"Zachizunguzo muzikauza anzanu pa Nsaru. Mwana akutha mphamvu uku."

Adabwerera kumbuyo akung'ung'udza. Mvula ikakuona litsiro sikata, ndipo ine tsiku limenelo idandiona.

Ndidamasula waya pa kamota kuti kakhale pakokha, ndidaweramiranso kumapazi kuja kukaika fyuzi ina, ndipo ndidatulutsa kababu kanga. Kababuko kali ndi miyendo iwiri: wina umakhudzitsa pa waya wa moto, wina pa chitsulo. Kakayaka, moto wafika. Koma manja onse awiri adali m'mwamba, swichi ili pansi. Padafunika dzanja lachitatu, ndipo m'lole monsemo dzanja lachitatu lidali limodzi lokha.

Ulendo uno ndidauza galasi. "Pakadapezeka dzanja lotembenuza kachitsulo kakuda kali pafupi ndi chiwongolero."

Dzanja lidatuluka munsalu, mwini wake akuyang'anabe kuzenera. Lidafufuzafufuza n'kugwira cha magetsi akutsogolo.

"Chinacho," ndidauza galasi.

Lidapeza. Kababu kadayaka mbee, fyuzi osapsa. Ndiye kuti batire, fyuzi, swichi ndi waya zonse zidali zosalakwa. Mlandu udali pa kamota penipeni.

Ndidapisa zala kuseri kwake, pakampata ka pakati pa kamota ndi denga, kufuna kumva ngati pali chimene chasupuka. Zala zidakhudza chinthu chofewa, chonata. Ndidachikoka. Kadali kachithumwa, kukula kwake ngati chala chachikulu, konona mafuta a nsatsi, kolasidwa ndi singano pakati. Nsonga ya singanoyo idali yakuda ndi kupserera. Kamota katayamba kunjenjemera, singano idasuntha, mbali ina n'kukhudza pomangira waya wa moto, mbali ina chitsulo cha denga. Shoti ija idali imeneyo.

Kansalu kokulungira kadali kakuda, ka mawanga oyera ngati a nkhanga.

Mkwiyo udandigwira. Akadakhala mnzanga dalaivala wachita zimenezo, ndikadamutukwana mpaka agogo ake kumanda akadamva. Koma khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mankhwala amenewo ndinkawadziwa, dalaivala aliyense ankawadziwa: ngomangira mwamuna kuti maso ake asaone akazi a m'njira, ndipo amaikidwa pamene maso akewo amayang'ana tsiku lonse. Lole inkagona pamudzi yosakhoma. Ndiye kuti apongozi anga, amene sankatha kundipatsa moni poyera, adakhala pansi n'kuganizira za kumene ndimagona ndi amene ndimagona naye, adayenda mtunda kukafuna mankhwala, adakwera mu lole yanga anthu asakuona, n'kudula nsalu yomwe ndidawagulira ine kuti andimangire. Mkwiyo uja udazilala, manyazi n'kutenga malo ake, ndipo adali olemera kuposa mkwiyowo.

Ndidamva kupuma kwawo kutasintha. Adali ataona. Kachithumwako ndidakaika pampando pakati pathu, ndipo palibe amene adakayang'ana.

Ndidamangiranso waya. Dzanja lija lidatembenuza swichi. Fyuzi idalimba, koma kamota kadangong'ung'uza, kamkono osasuntha, ndipo nditakakhudza kadali katayamba kufunda. Ndidazimitsa msanga kasanapse. Matenda adali awiri, ine ndidachiza amodzi.

Ndidamasula chivindikiro ndi sikuludiraiva. Tisikuluwu take tidali tating'ono, toti tikagwera pansi m'matope a kumapazi sungationenso. Ndikufunafuna poika, ndidaona chikhatho chitatambasuka chokha. Ndidatigwetseramo ndili patali kuti zala zisakhudzane.

M'kati mudali zomvetsa chisoni. M'kamota kotere muli kagudumu kamkuwa kogawikagawika, ndi timakala tiwiri tokankhidwa ndi tisipuling'i, timene timakhudza mkuwawo kupereka moto. Dzuwa la chilimwe lidasungunula mafuta a nsatsi aja, adadonthera m'kati, n'kusakanikirana ndi fumbi kukhala ulimbo wakuda. Timakala tidamatirira m'malo mwake ndipo mkuwa sunkaoneka n'komwe. Botolo la petulo lotsukira zitsulo ndidali nalo kuseri kwa mpando. Chimene ndidalibe ndi nsalu youma, poti sanza yanga idali girizi yekhayekha ndipo malaya adali atanyowa.

"Kansalu kouma," ndidatero, osauza wina aliyense, ngakhale galasi.

Ndidamva kung'ambika. Dzanja lidabwera ndi kachidutswa ka nsalu ya nkhanga ija. Polandira, maso anga adagwera pa nsonga ina ya nsaluyo, ndipo ndidaona kuti idali itang'ambidwa kale.

Ndidanyowetsa kansaluko ndi petulo n'kuyamba kupukuta mkuwa, ndikutembenuza kagudumu ndi chala. Timipata ta pakati ndidatipala ndi kamtengo ka machesi. Timakala ndidatigwedeza, ndidatidonthezera petulo, ndidatigwedezanso. Ntchito imeneyo siifuna changu, ukakanikiza kwambiri kakala kamaphwanyika ndipo kumeneko kudalibe kogula kena. Ndikakweza maso ndinkaona madzi ofiira akuthamanga m'ngalande kulowera kumtsinje kuja.

Ndipamene ndidamva mawu a mkazi wanga kudzera m'matabwa a kuseri kwa mpando. Adali otsika, osasa, osati ake amasiku onse.

"Bambo. Ingonenani, bambo. Sindikwiya ine. Ndikufa."

Anamkungwi adali atafikanso pazenera, mayi wina ali pambuyo pawo.

"Mwamva? Akupempha yekha. Kodi mukufuna mukatchule kumanda?"

Ndidaleka kupukuta. Ndidaona kuti choonadi changa sichikuthandiza munthu. Mkazi wanga ankakhulupirira kuti njira yatsekedwa ndi ine, ndipo ankataya mtima chifukwa cha zimenezo. Ndidaganiza zongotchula dzina lililonse kuti alimbe. Dzina lidabweradi palilime, la mayi wina wamasiye wogulitsa zitumbuwa pa Nsaru, amene sadandilakwire kanthu kupatula kundiikira chitumbuwa cha basela. Ndidatsegula pakamwa.

Apongozi adavundukula mutu.

Aka kadali koyamba kuwaona nkhope pafupi. Adali ndi mphini patsaya, ndipo maso adali a mkazi wanga enieni. Adatola kachithumwa pampando, adatambasula mkono kudutsa pamphuno panga mpaka pazenera.

"Mayi, asiyeni bambowa. Sadayende awa. Ndidawamanga ine, ndi ichi. Chilimwe chonse chakhala pamutu pawo. Akadayenda bwanji?"

Anamkungwi adalandira, adakanunkhiza, adayang'ana kansalu, adayang'ana nsalu ili pathupi.

"N'cha kuti chimenechi?"

"Cha kwa mkulu uja wa ku Nambuma."

"Ooo! Cha ku Nambuma sichiphonya. Nanga bwanji osanena kale, mwana akuvutika chonchi?"

"Ndikadanena bwanji, mayi? Nkhani ya mkamwini wanga, ndiitulutse ndi pakamwa panga?"

Apongozi adafundanso mutu. Anamkungwi adaponyera kachithumwa pampando, adatembenukira kumbuyo n'kukuwa moti dambo lonse lidamva.

"Limba mtima, mwana iwe! Amuna ako ngoyera! Adamangidwa ndi amako!"

Ndidalakalaka pansi patang'ambika ndilowe ndi lole yomwe. Ine ndidalumbira kuseri kwa nkhokwe pa mzimu wa amayi anga, palibe adamva. Kansanza konona mafuta kadangoonekera, mlandu udatha pomwepo. Ngakhale lero ndikakumbukira, kumaso kumatentha.

Koma timakala tidali titayamba kudumpha ndikatikankha, ndipo mkuwa udali kung'anima. Ndidabwezera chivindikiro. Chikhatho china chija, chimene chidafumbata nthawi yonseyi, chidatseguka, tisikuluwu tili momwemo tonse. Ndidamanga. Ndisanauze galasi kanthu, dzanja lidapita lokha pa swichi yoyenera. Kamkono kadanyamuka, kadasesa matope, kadabwerera, kadasesanso, ndipo msewu udaoneka.

Pamtsinje tidapeza madzi akunyambita mitanda, akukokolola mapesi ndi zinyalala. Ndidaika giya yoyamba, ndidalunjika matayala, ndidawoloka ndikumva mlatho ukulira pansi pathu. Apongozi ankapemphera chapansipansi m'nsalu. Nditacheuka tili patsidya, madzi adali atayamba kuyenda pamwamba pa mitengo.

Kuchipatala masisitere adamutenga msanga n'kutseka chitseko. Amuna sitinkaloledwa kufupi, choncho ndidabwerera ku lole. Kachithumwa kadali pampando pomwe paja. Ndidakatembenuzatembenuza m'manja. Ndidazula singano n'kuitaya, ndidakakulunga m'pepala lokhuthala kuti mafuta asadonthe, n'kukamangirira pansi pa mpando, kutali ndi mawaya. Musandifunse ngati ndinkakakhulupirira. Ndikudziwa chabe kuti tsiku limenelo ndiko kokha kadandiimira umboni.

Dzuwa litapendeka mvula idakata, ndipo nthungululu idamveka kuchokera pakhonde. Anamkungwi adabwera akuvina ndi mapewa. Mkazi wanga adali atachira, mwana wamkazi. Masisitere adati mwanayo adagona chopingasa, n'chifukwa chake ankakanika, koma anamkungwi zimenezo adazimvera khutu limodzi.

Ndidapita kukaima kumapeto kwa khonde. Apongozi adali pomwepo, atandifulatira, akuyang'ana nsanamira. Ndidatembenuka kuti ndithawe, koma ndidamva akuuza nsanamirayo.

"Wina akauze a dalaivala kuti kanthu kaja akataye mumtsinje pobwerera."

Ndidayang'ana nsanamira yanga.

"Wina akawauze kuti kamangidwa kale pansi pa mpando, kumene sikangagwirenso moto."

Mapewa awo adagwedezeka. Kaya kudali kuseka, kaya kulira, sindidaone, poti ndidali nditayang'ana kumbali monga mwa mwambo.

Nkhani idafika pa Nsaru lole isanafike. Anzanga madalaivala ankati akandiona, "Kodi lero akumasulani, akulu? Tiyeni tikamwe, tikubwezani chingwe chisanakoke." Amayi kuchitsime ankagwira pakamwa ndikamadutsa. Ngakhale bwana wanga, munthu wosakonda nthabwala, tsiku lina adandifunsa ngati mankhwalawo angagwirenso wogulitsa m'sitolo mwake. Ndinkaseka nawo, nanga n'kutani, koma zinkandiwawa. Zitumbuwa za mayi wamasiye uja sindidagulenso. Ndinkazungulira kuseri kwa msika kuti ndisakumane naye, iye osadziwa chimene adalakwa.

Zidanditengera nthawi kuona kuti wovulala kwambiri sindidali ine. Mwamuna womangidwa amasekedwa, basi. Koma mayi amene walowerera za kuchipinda kwa mkamwini wake, n'kuzinena yekha pamaso pake, anzake amamunong'ona mpaka kumanda. Apongozi adadziwa zimenezo pamene ankavundukula mutu. Nsalu ya nkhanga ija sadaivalenso. Tikakumana panjira ankapatuka kutali kuposa kale, mpaka ndinkangomva udzu ukuthyoka.

Mwana wathu atayamba kuyenda, tsiku lina ndidauza mkazi wanga kuti ndidatsala pang'ono kutchula dzina labodza. Adasiya kupeta n'kundiyang'ana.

"Mukadatchula, mwina ndikadachira ndithu. Koma m'nyumba mwanu sindikadabwereramo."

"Paja udati sukwiya."

"Munthu akamafa amanena chilichonse."

Ndidamupempha kuti akandithokozere kwa amayi ake, monga ankachitira ndi mawu anga onse. Adakana. Adati mchere, sopo ndi moni atha kunyamula, koma zikomo ameneyo ngwolemera, ndikapereke ndekha. Ndidayesapo. Kangapo konse ndidafika kuseri kwa nyumba yawo, ndidatsokomola, iwo n'kutsokomola m'kati, ine n'kufunsa khoma ngati mbuzi zalowa m'khola, n'kubwerera.

Apongozi atamwalira, mkazi wanga adapeza nsalu ija pansi pa dengu, yopindidwa bwino, nsonga ziwiri palibe. Mwana wathu uja adaitenga n'kumaberekera mwana wake woyamba kumsana. Ndikamuona akubwera nayo patali, miyendo inkayamba yokha kupatukira kutchire, zikomo uja ndikadali naye.